Pa Chipata

Magetsi anapita usiku osatsazika.
Yunifomu ya Tikambenji ndasita ndi ayironi ya makala,
kolala yapsa pang'ono kumbuyo.
Ndamuuza kuti tsitsi libisa.
Tsitsi lake tinameta Loweruka.
Wangondiyang'ana.

Nsapato imodzi ya Lekani ili m'ndowa ya madzi akumwa.
Sindifunsa. Wa zaka ziwiri sazengedwa mlandu.
Phala lapserera pansi,
pamwamba ndagawira ana, zopala ndi zanga,
ndadya chiimire, kiyi ali kukamwa kwa thumba.

Alinase afika dzuwa litasuzumira kale pa Kanjala,
akununkha mankhwala a m'wodi ya ana,
maso ofiira, nsapato zoyera zitadya fumbi la ku Mchini.
Tikumana pa chipata.
Ukwati wathu mwezi uno ndi umenewu:
iye mkati mwendo umodzi, ine kunja mwendo umodzi.
"Sopo watha."
"Lekani anatsokomola kawiri."
"Eni nyumba anabweranso."
"Wadya?"
Funso limenelo sitidziwa wafunsa ndani.
Ndimupatsira mwana ngati chenji.

Tikambenji pa kaliyala, miyendo tang'a,
njinga ikulira tcheni chouma.
Pa mlatho wa Lunkhwakwa andifunsa
ngati nsomba zimapita kusukulu.
Ndikuti inde, koma sizichedwa ngati ife.

Ku Down Shops abwana sayankha moni,
amayang'ana wotchi, kenako ine, kenako wotchi.
Ndiyeza misomali pa sikelo,
ndisenza simenti ya nyumba za anthu ena,
matumba makumi anayi asanakwane masana.
Bambo wina afuna lisiti,
ndipisa m'thumba kufuna bolopeni,
ndatulutsa sipuni ya phala.
Waseka, nati, "Angati?"
Ndati awiri.
Iye ati, "Ine asanu," natukula malaya:
lamba wake wamangira ndi chingwe cha thewera.

Masana foni ilira. Aphunzitsi.
Lero linali tsiku lobweretsa tsache.
Tsache ndinagula ku Kapata dzana,
lili kuseri kwa chitseko, likusesa mdima.

Ndidziwa kuti kunyumba Alinase sanagone.
Amake Zelipa amamutenga Lekani mpaka itakwana leveni,
kenako mwana agogoda ndi chikho pachipumi cha amake.
Tulo ta namwino ndi ta nkhuku ya pamsika,
diso limodzi lotseka.

Madzulo, chipata chomwe chija.
Tsopano wotuluka ndi iye.
"Ndiwo zili m'poto wamng'ono. Mankhwala ndi theka la sipuni."
Sipuni ndili nayo, ndikutero.
Andisasa simenti m'nsidze ndi chala chachikulu,
kamodzi kokha,
wanjinga akuliza belu pamsewu.

Homuweki tilemba ndi tochi ya pafoni.
Zisanu kuchotsa ziwiri.
Tikambenji awerenga zala, aima, nati,
"Chifukwa chiyani amama amagoneka ana a eni?"
Ndikuti ana ajawo akudwala.
"Ndikadwala ndipita nawo?"
Ndikuti lemba zitatu.
Walemba zitatu zoyang'ana kumbuyo,
ndazisiya choncho.

Lekani wagona atagwira khutu langa.
Kulichotsa ndi ntchito ya akatswiri,
chala chimodzichimodzi, osapuma mpweya.
Mateweta pa chingwe, mbale m'beseni,
tsache ndaliimika pa njinga kuti lindione m'mawa.

Magetsi abwera ili thwelofu,
wailesi ibwebweta yokha, babu aunikira zonse zimene sindinachite.
Ndizimitsa.

Pabedi ndigona mbali yake.
Matiresi akadali ndi dzenje la thupi lake la masana,
laling'ono, sindikwanamo,
koma ndipinda mawondo.
Pansi pa pilo wasiya kapepala ka kuchipatala,
kumbuyo kwake walemba ndi inki yofiira:
"Kolala ndaiona."